Ndowe Pakhomo pa Tchalitchi

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene analenga zazikulu ndi zazing'ono zosaoneka ndi maso, ndipo chilichonse anachipatsa ntchito yake.

Tchalitchi chathu ku Kaomba chinali cha mitengo ndi udzu, ndipo chiswe chinkabwerako mokhulupirika kuposa Akhristu ena. Chaka china mkulu wa mpingo anapempha oyilo wakuda wa thirakitala ku esiteti ya fodya kuti tipake nsanamira. Potsitsa pangolo, mgolo unagubuduka, oyilo yense n'kukhuthukira pakhomo penipeni. Aliyense wolowa ankasiya mapazi akuda mpaka kutsogolo.

Mkuluyo anapita ku Chamama kukagula sopo waufa, koma anaiwala khadi lachipani, anyamata a chipani n'kumubweza pachipata cha msika. Ulendo wachiwiri anabwera naye sopoyo. Tinakwecha, thovu linauma, oyilo ali pomwepo.

Pamenepo analengeza kuti abusa sangaponde pamalo otere, choncho ubatizo wa nyengo yokolola ukachitikira ku Njombwa. Mtima wanga unawawa. Mwana wanga woyamba anali pa mndandanda wa obatizidwa, ndipo apongozi anga, amene miyendo inali itafooka, ankangopempha chinthu chimodzi: kuona mdzukulu wawo akubatizidwa. Ku Njombwa sakanafika.

Tsono ine ndinali nditaona kanthu kwathu. Amuna anga ankadontheza oyilo popaka mawilo a ngolo. Wogwera panjira ankakhala chaka chonse, koma wogwera pafupi ndi khola ankachita thovu mvula ikagwa, kenako n'kuzimiririka.

Lolemba m'mawa ndinasenza ndowe ya ng'ombe, ndinagawula pakhomo paja, n'kusakaniza bwinobwino. Ndikakonola chimanga, matsukwa onse ndinkakathira pomwepo. Fungo lake linkalandira anthu asanafike pa mtengo wa mango.

Mkulu uja anandipeza ndili ndi khasu.

"Mayi, mwapenga? Ndowe pakhomo pa Mulungu?"

"Bambo, si inu munatilalikira za wosamalira munda amene anapempha kuti mkuyu usadulidwe, authirire kaye ndowe?"

"Limene lija ndi fanizo!"

"Eya, ine ndikungolichita. Oyiloyu analibe vesi, koma munabwera naye."

Anachoka atatseka mphuno. Lamlungu lotsatira analalikira za akazi olongolola, maso ali pa ine, ndipo ndinavomereza Amen mokweza kuposa onse.

Mvula inagwa. Pakhomo panachita thovu lotuwa, ine n'kumatembenuza dothi ndi kuwonjeza ndowe. Pofika nthawi yothyola fodya, dothi linali lofewa, losanata kumapazi. Mwana wanga uja atakula n'kuphunzira zaulimi, anandiuza kuti mundowe muli tizilombo tosaoneka timene timatulutsa sopo wawo, wosungunula oyilo kuti tizilomboto tithe kumudya. Ndinati Aleluya, ngakhale ndowe ili ndi atumiki.

Chimene sindinachikonzekere ndi nthanga zimene zinabwera ndi zinyalala za kukhola. Maungu anamera n'kuyanga mpaka pachitseko. Mkulu uja anafuna kuwazula, koma akazi ake anali atayamba kale kuthyola nkhwani.

Abusa anabwera kudzabatiza ku tchalitchi chathu komweko. Anadumpha dzungu polowa, nafunsa kuti ndani analima munda wokongola chotere.

"Ndi maganizo a mpingo, abusa," anayankha mkuluyo, osandiyang'ana.

Apongozi anga anakhala pamphasa kutsogolo, ndipo madzi atakhudza chipumi cha mwana analulutira mpaka kutsokomola.

Ambuye amene amayeretsa dothi ndi zinthu zonyozeka akuyeretseni inunso owerenga, akudalitseni polowa ndi potuluka, ndipo pakhomo panu pamere maungu. Amen.