Mlongoti Umene Unagona Pansi pa Bedi

Inali ndodo ya aluminiyamu yotalika ngati mpini wa khasu, yokhala ndi tizitsulo topingasa ngati minga ya nsomba, ndipo kumchira kwake kunkatuluka nthambo yakuda yaitali. Amalume ankaitchula kuti mlongoti. Pafupifupi dzinja lonse limenelo unagona pansi pa bedi lawo, wokulungidwa m'chitenje chakale cha amayi, m'chipinda chonunkha chinyezi ndi mtovu wosungunula.

Lero ndimagulitsa mafoni ndi machaja pa Chimbiya. Ndine uja amakulumbirirani kuti batire ndi yatsopano maso ali kumsewu. Ndanenererapo chilichonse pa moyo wanga, ngakhale suti ya ukwati wanga imene inali yobwereka. Munthu mmodzi yekha ndiye anandikanika kumutsitsa, ndipo anali amalume.

Kwathu ndi m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Mafoni a m'manja anali atangofika kumene, koma netiweki inali isanatsike m'mudzi. Inkathera pamwamba pa phiri, pamwala wina waukulu pamene anthu ankaimirira atatukula foni m'mwamba ngati akulumbira kukhoti. Abambo anali ku Joni, ndipo ankaimba Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Choncho amayi ankakwera phirilo, ine kumbuyo ndi ambulera yothyoka nthiti. Anali oyembekezera. Ine ndinkangoona kuti chitenje chayamba kuwachepera, komanso kuti tikupumira pafupipafupi. Ankagwira mtengo wa msuku, n'kumapuma ndi pakamwa, nkhungu ikutinyowetsa nsidze.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali atabwera kudzakhala nafe kuchokera ku Blantyre. Kumeneko anagwira ntchito zaka zambiri pa kampani ina ya matelefoni, kusamalira makompyuta olumikiza anthu akamaimbirana. Akuti anapeza njira yoti mafoni asamaduke anthu akachuluka pa laini. Anaionetsa kwa mabwana awo ndi chimwemwe cha mwana amene wagwira mbewa yoyamba. Kampani inailembetsa kuboma m'dzina lake, iwo inawagwira chanza pamaso pa anzawo, ndipo patapita nthawi ntchito inatha. Nkhaniyi sankaifotokoza yonse pakamodzi. Inkatuluka zidutswazidutswa, akamasenda nthambo ndi mano.

Kwa iwo ndi kumene ndinamva koyamba mawu oti patenti. Ndinkayesa ndi dzina la mzungu amene anawalanda mkazi. Anandiuza kuti ndi chikalata chonena kuti luso lakutilakuti mwini wake ndi uje, wina asakopere. Ndipo panali lamulo limodzi limene ankalibwereza ngati pemphero: "Chinthu chikaonekera pagulu usanachilembetse, chapita. Si chakonso, mphwanga." Ankadikira kachewere akumbidwe kuti apeze zoyendera, apite kutauni akalembetse. Mpaka tsiku limenelo, mlongoti sunkayenera kuona dzuwa.

Ntchito yake tonse tinkaidziwa. Unapangidwa kuti ukoke netiweki kuchokera kuseri kwa phiri, itsike ndi nthambo mpaka m'nyumba. Amayi anafunsapo kangapo, mwaulemu wake wa munthu wofunsa achimwene ake. Yankho linali limodzi: "Sunathe, chemwali." Amayi sankabwereza. Ankangomanga duku n'kundiuza kuti nditenge ambulera.

Ine ndiye ndinkabwereza. Ndinali nditayamba kale kugulitsa mapichesi kumsewu, ndipo ndinkadziwa kuti "ayi" woyamba ndi moni chabe. Ndinayambira pamwamba: tiukhome padenga. Anakana. Ndinatsika: Lamulungu lokha. Anakana. Kuseri kwa nyumba, kumene kumapita nkhuku zokha. Nthawi yokhayo imene abambo akuimba, ine nditaima kunjira kuyang'anira anthu. Ndinaikapo ndi banyira, kuti ndiziwachapira malaya dzinja lonse. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndidzafera pamsika. Apo sananame. Koma chitenje sanachimasule.

Amene ankamuopa kwambiri anali aphunzitsi athu a sayansi, munthu wabwino amene sankatha kuona chinthu osachifotokozera anthu ena. Akangomva belu la njinga yawo, amalume ankakankhira mtolo uja mkati ndi chidendene, n'kutuluka kukawalandirira pakhonde. Anthu m'mudzi anayamba kunong'ona kuti munthu wamkulu wotseka chitseko masana ali ndi zake. Lero ndikaganiza, sindiwaseka amalume. Munthu amene anaberedwapo pamsika amayenda atagwira thumba ngakhale m'tchalitchi. Koma thumba limenelo ukaligwira kwambiri, dzanja lopatsira moni limasowa.

Lamulungu lina kunagwa mvumbi. Amayi anati abambo akapanda kuwapeza adzada nkhawa, choncho tinakwera. Potsika, pamene njira imadutsa pakatondo, phazi lawo linaterereka ndipo anakhala pansi mwamphamvu. Phokoso lake ndimalimvabe, ngati thumba la chimanga likagwa pangolo. Anakhala pomwepo kanthawi, foni ataikweza m'mwamba kuti isanyowe. Titafika kunyumba, amalume anaona matope ofiira kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi. Anayang'ana, n'kuyang'ananso, kenako analowa m'chipinda mwawo. Tsiku limenelo sanadye.

Patangopita masiku ochepa, m'mawa ndikukonzekera kupita kusukulu, ndinamva amayi akubuula. Azimayi a pafupi anadzaza m'nyumba ndipo ine ananditulutsa. Wina anati nthawi yake sinakwane, pakufunika galimoto. Galimoto inali ku Chimbiya, ndipo mwini wake anali ndi foni. Koma phiri silinkaoneka. Kunali mdima wa mvula, mphezi zikung'anima pamwamba pomwe pa mwala uja, ndipo kamtsinje ka m'munsi mwake kanali katasefukira. Amuna anaima pakhonde, wina kuyang'ana mnzake. Aphunzitsi, amene ankadutsa popita kusukulu, anatsamiritsa njinga yawo n'kuyamba kupinda buluku kuti awoloke.

Pamenepo amalume anatuluka ndi mtolo uja. Anaumasula pabwalo, pamaso pa mudzi wonse, chitenje n'kugwera m'matope. Anaumangirira kunsungwi yaitali, n'kuuza aphunzitsi kuti agwire. Sanafufuze uku ndi uku. Anauloza pampata wina pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu, n'kulowetsa nsungwiyo m'kachitsulo kopinda kamene kanali kale kuseri kwa nsanamira ya khonde. Kachitsulo kameneko ndinali ndisanakaonepo, koma kanali ndi dzimbiri. Anamata nthambo kumsana kwa foni, timizere ta netiweki tinakwera, ndipo anaimba. Mawu a mwini galimoto anamveka bwinobwino mpaka kwa ife a kumbuyo.

Anthu anawomba m'manja. Ine ndinawomba kuposa onse.

Galimoto inalephera kulowa m'mudzi chifukwa cha matope, ndipo amayi anawanyamula pachitseko mpaka kumsewu. Anakhala kuchipatala masiku angapo. Anabwerako atavala duku lomwe lija, manja ali lende, kumbuyo kulibe kanthu. Kunalibe maliro, kunalibe nyimbo. Azimayi akuluakulu anachita zawo mwakachetechete monga mwa mwambo, ndipo nditafunsa, mmodzi anandiuza kuti mwana safunsa zimenezo, ndikatunge madzi.

Mlongoti unatsala pakhonde. Panalibenso chobisa. Anthu ankabwera ndi mafoni awo, kuima pamzere, kuwatchula amalume kuti injiniya. Aphunzitsi anaujambula pabolodi ndi choko, kachitsulo kalikonse ndi muyeso wake, kuti ana tinyadire luso la kwathu. Kachewere asanakumbidwe, okhoma zidebe a pa Chimbiya anali atayamba kupanga yawo. Ina inkagwira, ina ayi. Ndikanakhala wamkulu, ndikanagulitsa yonse, yogwira ndi yosagwira yomwe.

Lamulungu lotsatira amayi atabwerako, foni inalira m'nyumba mwenimweni. Anali atakhala pamphasa, atatsamira khoma. Analankhula ndi abambo mawu ochepa, motsitsa, kenako anaika foni pansi. Amalume anali pakhomo, theka mkati theka kunja. Amayi anayang'ana nthambo yakuda ija kuchokera pawindo mpaka pamphasa, n'kufunsa:

"Achimwene, unatha liti?"

Amalume anatembenukira kunja. Ine ndinaona ngati katundu wabwino akusowa womutsatsa, ndipo pakamwa panga sipanazolowere kudikira. Ndinawauza amayi zonse. Kuti unagwira kamodzin'kamodzi. Kuti amalume sanakonzenso kanthu, sanafufuze n'komwe kolozetsa. Kuti ngakhale pokolekapo panali pokonzeratu, pakale ndithu, mpaka dzimbiri.

"Ndamva, mwanangu," anatero amayi. Anagona chammbali n'kuyang'ana kukhoma.

Mvula itatha, amalume ananyamula chikwama chawo n'kupita kukakhala kwa achibale ena ku Kaphuka. Zida zawo anazisiya pansi pa bedi, ndipo sindinamvenso kuti apanga chinthu china. Amayi anapitiriza kulandirira mafoni a abambo pamphasa pomwepo, koma chitenje chija, chimene ndinachichapa ndekha, sanachivalenso.

Tsiku limene ankachoka ndinawaperekeza mpaka kumsewu, nditasenza chikwama. Nkhope yawo inali yakugwa, ndipo ine ndinkadziwa chifukwa chake, kapena ndinkayesa choncho. Ndinawalimbitsa mtima ngati wamalonda mnzawo. Ndinati asadandaule za patenti, adzapanga china, ndipo ulendo uno tidzabisa bwino kuposa kale, ngakhale amayi sadzadziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundilanda chikwamacho mofatsa. Ndinabwerera kunyumba ndikudabwa kuti munthu wanzeru chotere angakhumudwe bwanji chifukwa cha pepala.