Msoko wa pachifuwa cha mayi aang'ono

Lachitatu, pa 10 Julaye

Ndadzuka mtima uli m'mwamba ngati tsiku la mayeso. Papita masiku awiri chiikireni mayi aang'ono m'manda, koma pakhomo pano anthu sakulira, akungonong'onezana.

Mayi aang'ono ankapita ku Joni kukaoda mabulangeti odzagulitsa pamsika wa Ntaja. Ulendo uno anapita ndi mnzawo wa ku Ulongwe, amene ife timangomutchula kuti anti. Anagona chipinda chimodzi pa resitihausi ina. Anti akuti iwo anadzuka mutu ukung'amba, akusanza, koma mayi aang'ono sanadzuke. Apolisi a kumeneko anatenga thupi n'kulisunga masiku ambiri. Kwathu kuno munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe amakhala ali m'manda, choncho kuchedwa kokhako kunayambitsa manong'onong'o.

Bokosi litafika, azimayi osambitsa maliro anapeza msoko wautali, kuchokera pakhosi mpaka pansi pa mchombo, ulusi wake wokhuthala ngati wosokera thumba la chimanga. Anganga anatuluka m'nyumbamo akukuwa.

"Amuchotsa ziwalo mwana wanga!"

Amalume sanakuwe. Anangoti, "Anthu awiri chipinda chimodzi, wina n'kufa, wina n'kubwera akuyenda ndi miyendo yake? Lachisanu tikatuluka mu mzikiti tikupita ku Ulongwe. Akatiuze kumene anagulitsa mlongo wanga."

Anyamata a m'mudzi muno akuti nawonso apita. Ndikudziwa zimene zimachitikira nyumba ya munthu anthu akapita ali gulu chotero.

Thupi linabwera ndi pepala la Chingerezi, ndipo amalume analitsindira pansi pa wailesi osaliwerenga. Dzulo ndikusesa ndinaliwerenga katatu. Likuti dokotala anatsegula thupi kuti aone chimene chinapha munthuyo, anatengako magazi, ndipo zotsatira sizinatuluke. Cha m'munsi pali mzere wina: m'chipindamo anapezamo mbaula ya makala, mawindo ali otseka. Kusukulu tinaphunzira kuti makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo.

Nditawauza amalume, anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Adokotala athu a Fomu 3! Mbaula timaotha chaka ndi chaka, wafa ndani? Nanga msokowo wasoka ndi makala?"

Ndinafuna kunena kuti nyumba zathu zili ndi mipata pansi pa denga, koma anali atatembenuka kale.

Komabe nanenso sindili phee. Anti afotokoza nkhaniyi kwa anganga, kwa ashehe, kwa aliyense, koma mbaula sanaitchulepo ngakhale kamodzi. Tsiku la maliro, pepalalo ndisanaliwerenge, ndikuwapatsira madzi ndinangowafunsa, "Anti, ku Joni kunkazizira?"

"Kwambiri, mwanangu," anatero, n'kudziphimba kumaso ndi mpango.

Kodi anayatsa ndi iwo, ndiye akuopa kunena? Kapena pali china chimene mbaulayo ikubisa? Nanga mpweya womwewo unawasiya bwanji iwo? Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pepalalo lili ndi mawu amene pakhomo pano palibe wawamva.

Mawa ndi Lachinayi. Ndijomba phunziro loyamba, ndikwera kabaza ndi pepalalo mpaka kuchipatala. Ndikafunsa adokotala ngati msoko wotere uli ntchito ya madokotala anzawo. Akavomera, ndikawapempha kuti awauze amalume ndi pakamwa pawo, Lachisanu lisanafike.