Kalata Yanga ya Ufulu Sinafike ku Area 10

Alamu anga Anachisale amagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 10. Tsiku lina anafika kwathu nkhope ili yakugwa. Mwana wawo wamkazi anali ndi chinkhoswe pa 6 Julaye, koma adona a kuntchito kwawoko anali atanena kuti tsikulo kubwera alendo, asachoke.

Ine, amene sukulu yanga ndi mabuku akale ogula m'mbali mwa msewu ku Area 1, ndinawauza kuti nkhaniyo ndi yaing'ono, andisiyire.

Ndinalemba kalata ya masamba awiri. Ndinakumbutsa adonawo kuti pa tsiku limenelo dziko lino linalengeza kuti ndife mfulu, ndipo mawuwo ndi lamulo loposa malamulo onse. Nditaiwerenga katatu, ndinadziombera m'manja ndekha.

M'minibasi yopita ku City Centre ndinakhala ndi a Phiri, amene anakalambira kukhoti pa ntchito ya ukalaliki. Ndinawaonetsa kalatayo kuti anditame. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Achimwene, woweruza sangakufunseni zimene zinayankhulidwa pokweza mbendera. Adzangoti, ndime yake ndi iti?"

Anandifotokozera kuti mawu olengeza ufulu amatiuza kuti ndife ndani, koma khoti limagwira malamulo oyendetsera dziko ndi ena obadwa mwa iwo. Za tchuthi cha wantchito zili m'lamulo la ntchito, limene ine katswiri uja ndinali ndisanalitsegulepo.

Kodi si mmene tilili ambirife? Tikangolimbirana mpando m'basi, timakuwa kuti dziko ndi laufulu. Koma ndi angati tinawerengapo ndime imodzi yotiteteza?

Ine ndi a Phiri tinalemba kalata ina pomwepo, pepala lili pabondo, mizere inayi yaulemu yotchula lamulo la ntchito lija. Adona ataiwerenga anasunthira alendo awo tsiku lina.

Kuchinkhosweko, ndikuyang'ana Anachisale akuvina chitenje chili m'chiuno, zonse zinandilowa. Nthungululu ndiyo imauza mudzi kuti banja layamba, ndipo popanda iyo mwambo ungazizire. Koma banjalo likagwedezeka, saitana oimba nthungululu. Amaitana ankhoswe aja anakhala phee pamphasa.

Kalata yoyamba ija sindinaitaye. Akazi anga akuti ndidzaiwerenge paukwati, poti ikukoma ndithu ngakhale siigwira ntchito.

Nanga inu awerengi, ankhoswe a ufulu wanu mumawadziwa?