Ndinkayesa Magetsi Azima

Anzanga, ine ndine Sebastiano wa ku Nchalo, woimba gitala. Sukulu sindinapondeko, nyimbo ndimazigwira ndi khutu. Kale tinali ndi bandi ya rock, Ng'ona Zinayi. Lero tatsala awiri, ine ndi Maclean wa ng'oma.

Mu 2013 ndikusoka ukonde pakhonde, panafika mayi atasenza dengu la nsomba za ku Elephant Marsh, mtsikana ali pambuyo.

“Ndinu aja munkaimba gitala mutagona chagada?”

“Nthawi imeneyo msana unali wanga, mayi.”

“Ndine Veronika. Ndinadula nsapato povina nyimbo zanu. Uyu ndi mwana wanga Priska, akukufunani.”

Priska amapanga nyimbo pakompyuta ku Blantyre, zotchedwa dubstep. Ankafuna kujambula nyimbo imodzi ndi bandi yakale.

Tinajambula sabata yathunthu kunyumba kwa mayi ake, masana, fani atazimitsa kuti isamveke m'nyimbo, thukuta lili kamukamu. A Veronika, omwe amuna awo anamwalira kalekale, ankabweretsa thobwa la mapira n'kumandinena.

“Zala zikadali ndi moyo, koma tsitsi ndiye linasamuka.”

Ine mtima unayamba kuimba zakezake.

Tsono dubstep ili ndi khalidwe lake. Nyimbo imakwera, kukwera, kenako zii... kenako besi imagwa ngati mvuu yalumphira m'Shire. Ine zimenezo sindinkazidziwa. Lachisanu tili mkati mojambula, nyimbo inangoti zii. Ndinayesa magetsi azima monga mwa masiku onse. Ndinatembenukira kwa Maclean, pakamwa pali pamaikolofoni.

“Achimwene, ine a Veronika ndikuwafuna.”

Besi inagwa. Priska anangoluma mlomo, kompyuta ikujambulabe.

Patatha mwezi ndikudutsa pamsika, sipika ikulira. Ndinamva gitala yanga, ndinayenda monyada. Kenako zii... kenako mawu anga, mbee! Mwana uja sanawachotse. Anati ndiwo mchere wa nyimbo.

Maminibasi anaiimba, akabaza anaiimba. Ndikadutsa, amayi ogulitsa tomato onse pamodzi: “Ndikuwafuna!”

A Veronika anasiya kuyankha moni wanga. Thobwa linauma. Ndinaona kuti ndataya munthu ndisanamupeze n'komwe.

Sabata yachitatu ndinalimba mtima. Ndinawapeza akuyanika nsomba pathandala.

“Mayi, ndakuchititsani manyazi, pepani. Priska akuti awachotsa mawuwo.”

“Manyazi ati? Anthu alankhule, pakamwa ndi pawo.” Anatembenuza nsomba osandiyang'ana. “Chandiwawa n'chakuti mwauza Maclean, mwauza makina, mwauza Chikwawa yonse mpaka ku Nsanje. Ine mwini wake ndinamvera m'minibasi, nditapanikizana ndi mbuzi.”

Anzanga, ndaimbapo pamaso pa anthu mazana, koma tsiku limenelo linali lina. Panalibe gitala yobisalirapo, panalibe ng'oma.

“A Veronika, ndikukufunani.”

Zii... Wautali kuposa wa Priska uja.

“Pyadidi,” anatero m'Chisena chawo, kutanthauza kuti zili bwino. “Tumizani ankhoswe. Koma abwere opanda sipika.”

Paukwati wathu nyimbo ija anaibwereza kanayi. Pofika pa zii paja, a Veronika ankakweza dzanja kuti anthu akhale chete, amve bwino.

Mawu a mumtima muziyamba mwauza mwini wake, anzanga. Ine mpaka lero, nyimbo ikangoti zii, ndimayamba ndayang'ana babu ndisanatsegule pakamwa.