A Tcheya Opalasa ndi Galimoto ya Pambuyo

Mu msewu wathu amadziwika ndi dzina lakuti a Tcheya Opalasa, ndipo dzinalo amalikonda kuposa lobadwa nalo. Ndi mkulu wa makalaliki pa kampani ina ya inshuwalansi, komanso wapampando wa komiti ya zaukhondo m'dera lathu. Amene amawalemekeza kwambiri ndi anthu amene sanaonepo mmene ulendo wawo wa kuntchito umayendera.

Njinga anaigula chaka chatha, atamva pa msonkhano wina kuti utsi wa magalimoto ukuwononga mpweya. Chiyambire pamenepo amapalasa m'mawa uliwonse, atavala chisoti ndi kabudula wothina wosayenerana ndi msinkhu wawo. Koma mkulu wa makalaliki sangalowe mu ofesi thukuta lili kamukamu. Choncho akazi awo ankawatsatira pa galimoto yawo yakale, atanyamula suti, nsapato, thaulo ndi pampu. Galimotoyo inkakwawa m'giya yoyamba kuti isapitirire njinga, ikutsokomola utsi wakuda umene unkathera pa zovala zoyanikidwa m'mipanda. Pambuyo pake pankandanda magalimoto ena, mahutala ali pokopoko.

"A Tcheya, bwanji osangokwera, tipumeko?" anafunsa tsiku lina telala wa pakona, akukutumula nsalu zake.

"Ine sindiipitsa mpweya, achimwene," anayankha a Tcheya akupuma mwawefuwefu. "Akuyendetsawo ndi mayi akunyumba."

Chimene a Tcheya ankachifunitsitsa chinali kusiya lamulo loti adzakumbukiridwe nalo: msewu wathu uzitsekedwa kwa magalimoto onse m'mawa. Analankhula motalika pa msonkhano wa komiti, akuyembekezera mkangano. Mkangano sunabwere. Eni magalimoto, otopa ndi kukwawa, analolera kumaimika magalimoto awo ku msewu waukulu. Povota, dzanja loyamba kukwera linali la akazi awo a Tcheya, ndipo mkuluyo analiyang'ana monyadira.

M'mawa mwake anapeza suti itakolekedwa pa chiwongolero cha njinga, nsapato zitamangiriridwa pa kaliyala. Mayiwo anali khale pakhonde, akumwa tiyi mosafulumira.

"Lamulo ndi lanu, bambo," anatero. "Sutinso ndi yanu."

A Tcheya sanapite kuntchito tsiku limenelo. Anazungulira nyumba zonse wapansi, atavalabe chisoti, kuitanitsa msonkhano wadzidzidzi woti ukonze lamulolo. Palibe anabwera kupatula telala uja, ndipo kwa iyeyo ndi kumene anafotokoza maganizo awo:

"Achimwene, lamulo lija tinalipangira magalimoto a anthu. Yanga ija si galimoto kwenikweni, ndi mbali ya njinga."