Zitini za Simenti za Bambo

Ndikukumbukira kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Nzama, pomwe bambo ankayambira tsiku. Anabwera kuchokera ku Joni ndi chifuwa cha m'migodi, chija chimalira ngati chitseko chopanda mafuta. Anathira simenti m'zitini ziwiri za penti, nalowetsa paipi pakati, ndipo m'mawa uliwonse ankanyamula mpaka thukuta kuyenderera.

Akatula chitsulocho ankaima mawondo atapinda pang'ono, manja ngati akumbatira mtsuko, kenako n'kumakoka mpweya ndi manja pang'onopang'ono kubweretsa pamimba. Anawaphunzitsa ndi Mtchaina wina wokalamba wa sitolo pafupi ndi mgodi. Bambo ankati kunyamula kokha kumaumitsa thupi ngati thabwa, kupuma kokha miyendo imanjenjemera, n'chifukwa ziwirizi sankazilekanitsa. Ine, kamtsikana ka sitandade folo, ndinkawatsanzira ndi njerwa ziwiri. Akatero tsikulo ankalima osakhosomola.

Vuto linali loti ankayang'ana kotulukira dzuwa, ndipo kumeneko kunali munda wa malume, achimwene awo a mayi. Chaka china malume analima mwaulesi, feteleza anamugulitsa n'kumwera, chimanga chinatuluka chonyozoloka. Chathu chinacha. Basi mlandu wapezeka. Eti manja a bambo aja ndi mfumba, mankhwala okokera zokolola za eni.

Malume anabwera ndi hamala anthu akuonerera.

"Alamu, kukoka mwakokaku kwakwana. Pano si panu."

"Ndi chifuwa changachi, alamu," anatero bambo. "Ndimangopuma."

Malume anaphwanya zitini zonse ziwiri, paipi n'kukatsekera khola lawo. Bambo akanatha kuwanyamula ndi dzanja limodzi n'kuwaponya m'dzala, koma anali mkamwini, mlendo pamudzi wa mkazi wake, ndipo anangoima chipewa chili m'manja. Mayi analowa m'nyumba. Akuluakulu omwe Lamulungu ankaimba nawo limodzi kutchalitchi palibe anatsegula pakamwa. Mpaka lero ndikaganiza za kukhala chete kumeneko, mtima umanditentha.

Bambo analeka zonse, poopa kuthamangitsidwa n'kutisiya. Chifuwa chinayamba kutseka, mapewa anagwa, khasu linawalemera. Tinawaika m'manda ine ndisanalembe mayeso a sitandade eyiti, ndipo pamaliro malume ndi amene analankhula m'malo mwa banja, akuti tataya munthu wofatsa.

Masiku ano anyamata amanyamula zitsulo poyera pa boma, ena amaonera pafoni zopuma pang'onopang'ono zija, palibe wowatchula mfiti. Malume anachita sitiroko chaka chatha, ndipo a chipatala anawauza kuti aziima, azitambasula manja, azipuma mozama. Pamudzi wodziwa zimenezi ndine ndekha, ndiye mayi anandipempha ndi misozi. Ndimapita Loweruka lililonse, ndimawagwira chigongono, ndimawawerengera mpweya. Dzanja lawo layamba kugwira kapu. Sanapepesepo, ndipo ine sindinawakhululukire.