Kabango ka Phazi la Tadala

Ntchito yanga yoyamba yeniyeni kuno ku Joni ndinaipeza ndili ndi ndowa m'manja. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Cosmo City, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera tekisi kupita ku Midrand kukatsuka magalimoto pa kampani ina yaing'ono yonyamula alendo okaona mayiko. Anali maganyu chabe. Tsiku lina ndinamva mkulu wa madalaivala, Mzulu wina wamtali yemwe tonse tinkamutcha Bra Sipho, akudandaula kuti alendo akufuna ulendo wa ku Malawi koma iye njira za kumeneko sazidziwa. Ndinaika ndowa pansi n'kumuuza kuti kwathu ndinkayendetsa minibasi ya Ntcheu–Lilongwe. Anandiponyera makiyi, nati, "Bweza galimoto iyo ndi ngolo yake mpaka pageti, mfowethu, m'bale wanga. Ukapanda kugunda khoma, waipeza." Khoma sindinagunde.

Bra Sipho anali munthu wosalekerera pa kasamalidwe ka galimoto. Tisananyamuke m'mawa ndinkayang'ana oyilo ndi madzi, kuyeza mpweya m'matayala onse ndi geji, kugwedeza chokolekera ngolo kuti ndione ngati chagwira, n'kuonetsetsa kuti jeke, sipanala ya mawilo, fosholo ndi chingwe chokokera zili pamalo ake. Zigubu za dizilo tinkamangirira pamwamba, chifukwa kwathu ukadutsa pamalo omwetsera mafuta osamwetsa umadzalira patsogolo. Bokosi lozizira linkakhala kumbuyo kwa mpando wanga, ndipo mlendo akangotsokomola ndinkadziwa kuti akufuna madzi.

Alendo ankati Malawi ndi kadziko kakang'ono, pamapu amangokaphimba ndi chala. Ndinkaseka. Kuyenda kwathu sayeza ndi mapu. Amayeza ndi mbuzi zodumpha msewu, akabaza onyamula matumba a makala otambalala kuposa njinga, ndiponso apolisi a pamalodibuloko, amene umayamba wawapatsa moni usanatulutse laisensi. Ndinkawachenjezanso kuti munthu wa kwathu akati "ndi pompano apa", ayambe amwa madzi. Zonsezi ndinkawauza mwanthabwala, koma mtima wanga unali kwina.

Pochoka kumudzi ndinasiya mkazi wanga Nagama ali woyembekezera. Mwana wathu Tadala anabadwa ine ndili kuno, anakwawa ndili kuno, anayamba kuyenda ndili kuno. Ndinkamudziwa pa foni pokha, kankhope kosaoneka bwino kodukaduka ndi netiweki. Choncho nditaona kuti ulendo wathu uchoka ku Liwonde, kudutsa Ntcheu, kukadya ku Dedza n'kutsikira kunyanja, ndinapita kwa Bra Sipho n'kupempha kuti tikaime pang'ono pa mphambano ya ku Tsangano, pomwe amayi amagulitsa kabichi ndi mbatata ya kachewere. Kwathu ndi kumtunda, m'mapiri, ndipo Nagama akanatsika pa matola n'kudzandidikira pamenepo. Bra Sipho anavomera. "Alendo azigula masamba, iwe uzinyamula mwana wako. Shapu."

Usiku wa ku Liwonde sindinagone bwino. M'mawa ndinavala malaya atsopano, n'kuika pamiyendo jumbo momwe munali bulangete, chitenje ndi kadiresi kofiira. Bra Sipho atandiona anati maso anga akuonetsa kuti sindinagone, ayendetsa yekha. Nagama anaimba tili pa Chingeni kuti afika kale, akhala pansi pa shedi ya mayi wina wogulitsa kabichi, koma batire ya foni yatsala pang'ono ndipo mitambo yayamba kuda kumapiri.

Tisanafike pa boma la Ntcheu ndinali nditawerama, ndikukonza kadiresi kaja kuti kasakwinyike. Nditadzuka ndinangoona masamba aawisi atayalidwa pamsewu, ife tikuwaponda kale. Kwathu masamba otero amanena kuti pali maliro. Woyendetsa amachepetsa liwiro, amatseka wailesi, amavula chipewa, ndipo wapanjinga amatsika n'kumakankha. Bra Sipho ankadziwa masamba ngati chizindikiro cha lole yofa basi. Nyimbo zinali phokoso m'galimoto, ndipo ataona khamu la anthu likudumpha msewu analiza hutala, kawiri konse, monga achitira pa maloboti a ku Joni. Mlendo wina, mayi wachikulire wokonda kujambula, anatsitsa windo n'kuloza kamera pa bokosi la maliro. Safunsa anadya phula, komatu tsiku limenelo tinadya tonse, chifukwa za mbuzi ndi akabaza ndinawauza koma za masamba sindinaganizeko n'komwe.

Adzukulu, anyamata okumba manda aja, anatizinga ali ndi makasu m'manja. Nyimbo ya amayi inaduka pakati. Ndinatsika, n'kuvula kapusi, n'kunjuta m'mbali mwa msewu manja ali pamodzi. Bambo wina wa jekete lakuda, yemwe ndinadzamva kuti anali malume a womwalirayo, anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu.

"Inu achimwene, ndinu a kuti?"

"Kwathu n'ku Tsangano, bambo. Pepani kwambiri, anzangawa ndi alendo."

"Alendo tawamva. Nanga inu, ku Joniko anthu safa?"

Ndinapepesanso. Zithunzi zinafufutidwa iwo akuona, ndipo mayi uja analira ndi manyazi. Bra Sipho anafuna kutulutsa chikwama kuti nkhani ithe msanga, koma malumewo anagwedeza mutu. Anati womwalirayo ndi mtsikana wamng'ono, ndipo kumulizira hutala sikupepesedwa ndi pepala la ndalama. Anati galimoto iime pambali, mwana wa kwathuyu atiperekeze kumanda monga munthu, kenako muzipita.

Maliro n'kulirana. Ndinapatsa Bra Sipho jumbo ija n'kulowa pamzere wa amuna. Manda anali kuseri kwa phiri. Itafika nthawi yanga yolandira bokosi paphewa, foni inayamba kunjenjemera m'thumba la buluku. Ndinadziwa kuti ndi Nagama. Inanjenjemera, n'kusiya, n'kuyambanso, koma munthu wonyamula maliro sapisa m'thumba. Kumanda kunali ulaliki, nyimbo, mawu a akubanja, kenako kukwirira. Ndinagwira nawo fosholo mvula itayamba kuwaza, ndipo misozi imene ndinagwetsa pamenepo anthu ankayesa kuti ndi ya mtsikanayo. Pobwerera malume aja anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwachita bwino. Yendani bwino, muwauze alendowo kuti sitinakwiye." Nditaimba foni ya Nagama inali itazima.

Tinafika pa mphambano ya ku Tsangano dzuwa litapendeka kwambiri, mvula ikugwa yamphamvu. Ndinathamanga shedi ndi shedi. Mayi wa kabichi anandizindikira ndisanalankhule.

"Ndinu bambo a Tadala? Ayi ndithu, akudikirani kuyambira m'mawa. Mwana ananyowa, wayamba kutsokomola, ndiye matola omaliza amanyamuka. Akanatsala akanagona pano."

Kenako anamasula mfundo ya chitenje chake n'kundipatsa kabango kakafupi kodulidwa bwino mbali zonse. "Ati phazi la mwana ndi limeneli. Mukamugulire nsapato ku Joniko."

Kwathu timatero. Wopita kutauni amapatsidwa kamtengo kapena ulusi woyezera phazi, chifukwa za manambala a nsapato sitidalira. Ndinakaika pachikhatho, ndipo sikanafike ngakhale kumapeto kwa zala zanga. Ndinaimirira mumvulamo n'kumayang'ana msewu wafumbi wokwera kumapiri, womwe tsopano unali matope okhaokha. Bra Sipho anabwera n'kuima pambali panga. "Eish, mfowethu. Tiyese kukwera?" Tonse tinkadziwa kuti ndi ngolo kumbuyo, ndi alendo oti akagone kunyanja, sizikanatheka. Ndinasiya jumbo kwa mayi wa kabichi uja kuti akaipereke kwa woyendetsa matola mawa lake, n'kutenga makiyi. Kutsetsereka kwa ku Golomoti ndinatsika ndekha pa giya yachiwiri.

Ulendowo unabwerera njira ina, ndipo sindinadutsenso pa Ntcheu. Titafika ku Joni ndinalowa m'sitolo ina, n'kumalowetsa kabango kaja m'tinsapato kamodzikamodzi mpaka kanakwana. Wogulitsa anandiseka, ine sindinasamale. Ndinatumiza pa mathiransipota, anyamata onyamula katundu wa anthu kupita kumudzi, koma katundu anachedwa m'njira. Pofika, Nagama anaimba akuseka kuti phazi lakula, nsapato zaperekedwa kwa mwana wa mng'ono wake. Iye ankaseka, ine ndinakhala pa bedi n'kulephera kudya.

Ntchito ya alendo ndikuigwirabe. Masiku ano, tisanadumphe malire, ndimazimitsa injini n'kutembenukira kwa alendo. Ndimawauza za masamba pamsewu ndisanawauze za mvuu kapena nsomba, ndipo kamera ndimati ifunse kaye isanatsegule diso. Ndinaphunzira kuti dalaivala wonyamula alendo sayendetsa galimoto yokha, amayankhiranso anthu amene wanyamula, ndipo chimene sanawauze amalipira ndi iyeyo.

Tadala ali pasukulu tsopano, ndipo ndamunyamulapo maulendo owerengeka. Nambala ya nsapato amanditumizira yekha pa foni ya amayi ake. Kabango kaja kali m'kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto, pamodzi ndi geji ya matayala. Alendo ena akakaona amafunsa ngati ndi chida cha ntchito. Ndimawayankha kuti ndi mwana wanga pa msinkhu umene sindinamuone.